Tizitsulo ta Alamu Anga a Yotamu

Alamu anga a Yotamu tinawaika m'manda mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anafa atatha zaka zinayi osadyera mbale imodzi ndi mwana wawo Lameki. Chinawadanitsa ndi tizitsulo tokwana m'manja awiri. Lameki ankati ndi chuma ndipo bambo ake akuchibisa. A Yotamu ankati si chuma. Anafa akunena zomwezo, ndipo mwa ana awo palibe anawakhulupirira.

Ine ndine mlongo wa malemu mkazi wawo, Esinati, ndipo ndine mwini mbumba. Ndinalekeza Sitandade 6 yakale, yomwe imaposa Fomu 4 ya masiku ano, choncho kulemba ndimatha. Ndalemba chifukwa nkhaniyi ikukambidwa mokhota kuno kwa Njombwa, ndipo amene tinaiona ndi maso tatsala owerengeka.

Tizitsulo timeneti tinali tozungulira ngati ndalama, tina tamkuwa, tina totuwa. Kusiyana kwake ndi ndalama kunali kwakuti pankhope pake panali tingalande todutsa, pena kamodzi, pena tiwiri, pena titatu. A Yotamu ankatitchula mapoleti, dzina lomwe anamva kwa mwini wake. Anatisemera thabwa la mlombwa, nagobamo maenje ngati a bawo, poleti iliyonse ndi dzenje lake. Thabwalo ankalikulunga m'chiguduli cha mabelo a fodya.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankalitulutsa pakhonde. Ankasamba m'manja kaye. Kenako ankatenga imodziimodzi, kuisisita ndi chala chachikulu, kutchula mzinda womwe inachokera, n'kuibwezera. Iyi ya ku Oslo. Iyi ya ku Bergen. Ine ndinkawaseka.

"Alamu, Mulungu mwamusiya ku tchalitchi, tsopano mwayamba kupembedza mabatani?"

"A Banda, chala chanucho chimadziwa mpini wa khasu wokha. Khalani pansi ndikuphunzitseni."

"Ndiphunzitsidwe ndi munthu wodya kalongonda?"

"Kalongondayo ndi amene anakutengerani mlongo wanu."

Kumapeto kwa mzere wam'munsi kunali maenje atatu opanda kanthu. Ndinawafunsa kalekale, Lameki asanamere ndevu. Anati amenewo ndi malo a mapoleti atatu omwe anamva kuti aliko koma sanawapeze. Anati munthu wosonkhanitsa zinthu amasiyira malo chomwe alibe, monga mayi amasiyira ndiwo mwana amene ali paulendo. Maenje amenewo anakhala opanda kanthu kuyambira tsiku lomwe thabwa linasemedwa. Izi ndikuzinena ndi maso anga awiri.

Mapoletiwo anawapeza motere. M'nthawi ya chipani chimodzi kunabwera mzungu wa ku Norway wokumba mijigo. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo anthu anamutcha Chimjigo. Fodya atatha kugulitsidwa, a Yotamu analembedwa ntchito yolondera zipangizo pamsasa pake. Tsiku lina masana anamupeza mzungu atayala tizitsulo patebulo, akutiika m'magulu. Anaimirira kumbuyo kwake. Kenako anatambasula dzanja, natola tiwiri tomwe mzunguyo anatiika pamodzi, nati iti si tamtundu umodzi. Mzungu anakana. A Yotamu anamugwira chala namuyendetsa m'kangalande. Kena kanali kozama, kena kosazama. Mzungu anatenga galasi lake, nayang'ana nthawi yaitali, navula chipewa.

Mzunguyo ndiye anawafotokozera mbiri yake. Anati kwawoko lamya zinkakhala m'tinyumba ta m'mbali mwa msewu. Wofuna kuimba ankagula poleti m'sitolo n'kuiponya m'kabowo. M'kabowomo munali mano olingana ndi tingalande tija, kuti batani kapena ndalama yachilendo isalowe. Mtengo woimbira ukakwera sankasintha makina, ankangokweza mtengo wa poleti. Mizinda ina inali ndi akeake, osagwira ntchito kwina. Pambuyo pake anabweretsa lamya zamtundu wina, mapoleti n'kutha ntchito, anthu n'kuwataya m'madirowa. Bambo ake a mzunguyo ankakonza lamya zimenezo, n'chifukwa chake iye anayamba kuwatolera.

A Yotamu sanali chitsiru. Funso lawo loyamba linali la mtengo. Mzungu anaseka, nati ambiri mwa amenewa kwawo sungagule nawo ngakhale kapu ya tiyi.

Pochoka anawasiyira omwe anali nawo awiriawiri. Kuyambira pamenepo ankalemberana makalata. A Yotamu ankatumiza makobiri obowola a nthawi ya atsamunda, kenako makadi otha ntchito omwe ankatola pa lamya ya ku positi ku Boma. Mzungu ankabweza poleti imodzi kapena ziwiri zomatidwa pakhadibodi. Zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka kunabwera kalata ya mwana wake wamkazi yonena kuti bambo anamwalira. Tsiku limenelo a Yotamu sanapite kumunda.

Ndibwerere m'mbuyo, ndinene kuti anali munthu wotani.

Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Thyolo, pa lole ya mateneti, ndi bulangete limodzi. Pa esiteti anadziwika msanga pa kusankha fodya. Tsamba ankalidziwa ndi chala asanaliyang'ane. Atafunsira Esinati ine ndinakana, chifukwa teneti ndi munthu wa mphasa pamutu, lero ali pano mawa kulibe. Esinati anandiuza kuti wokwatiwa ndi iye, osati ine. Ndinawapatsa malo kuseri kwa dimba langa, ndipo anakhalapo zaka zoposa makumi anayi ngati mkamwini.

Anali wouma mutu. Chaka china tinadinda fodya limodzi pa jeke imodzi. Ine ndinafuna kuika masamba akuda pakati pa belo, abwino pamwamba ndi pansi, monga amachitira ambiri. Anandiletsa. Ndinati fodya ndi wanga. Anati jeke ndi yawo. Anamasula jeke, naisenza, nandisiya ndi fodya pabwalo mvula ikubwera. Miyezi iwiri sitinalonjerane. Chiphunzitso chawo, chomwe ankachibwereza mpaka kutopetsa, chinali chakuti chinthu uchitchule giredi yake yeniyeni, ngakhale giredi yakeyo ikusaukitse.

Ndi Esinati anakangana kwambiri kamodzi kokha pa zomwe ndikudziwa. Mlongo wangayo anafuna kuwasangalatsa, natsuka mapoleti asanu ndi phulusa ndi ndimu mpaka anawala ngati atsopano. A Yotamu atawaona anakhala pansi. Anati dzimbiri lija linali la manja a anthu omwe anaimbirapo lamya, ndipo iye wafufuta anthuwo. Masiku awiri sanadye. Esinati anabwera kwa ine akuseka ndi misozi yomwe.

"Achimwene, munandiuza kuti teneti adzandithawa. Bwenzi atathawa. Uyu ndapikisana ndi mabatani."

Mavuto anayamba chaka chomwe fodya anabwezedwa kwambiri ku okushoni. Anthu anali ndi njala ya ndalama. Ndiye kunamveka mphekesera yakuti ku Boma kwabwera anthu ogula nsimbi zakale zamakala ndi ndalama zakale zachizungu, ati m'kati mwake muli mekyule yomwe azungu amaifuna, ndipo wopeza imodzi yeniyeni amagula galimoto tsiku lomwelo. Anthu anagwetsa madenga kufuna nsimbi za agogo awo. Palibe amene ndinamuona atagula galimoto, koma aliyense ankadziwa munthu wa ku Wimbe kapena kwina amene ati analemera. Ndipo mudzi wonse unakumbukira thabwa la a Yotamu.

Chaka chomwecho Esinati anadwala chotupa m'mimba. Tinamutengera ku chipatala ku Boma, kenako ku Lilongwe. Madokotala anachita zomwe akanatha, natiuza kuti tachedwa. A Yotamu anagulitsa njinga, mbuzi zonse, wailesi, mpaka malata a khitchini. Lameki sanaone zimenezo. Ankaona thabwa lokha.

"Ababa, amayi akufa inu mutakhalira chuma. Kuli zipatala zolipira. Kuli kunja."

"Mulibe kanthu mmenemo, mwana wanga. Ndi mkuwa."

"Ndiye perekani akayeze."

"Anthu amenewo ndi mbava. Adzakudyera zako, n'kuononga zanga."

Apa a Yotamu analakwa, ndipo ndinawauza. Akanapereka nthawi yomweyo, Esinati akadali moyo, mwina mtima wa mwana sukanauma chotere. Koma iwo ankati sangapereke chinthu kwa wakuba pofuna kutsimikiza kuti iwo si wakuba.

Inenso ndili ndi mlandu wanga. Tsiku lina masana, titakhala pakhonde la chipatala, ndinawafunsa motsitsa mawu.

"Alamu, tili awiri. Ngati muli kanthu mmenemo, ndiuzeni ine ndekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inunso, a Banda?"

Ine ndinadzuka n'kupita kukaima pa mpopi ngati ndili ndi ludzu.

Esinati anamwalira mwezi wa Juni. Pa tsiku lometa, abale atasonkhana, Lameki anaimirira nanena kuti bambo ake ndi mkamwini, mkazi wawo wapita, choncho ndiwasudzule abwerere ku Thyolo, pokhapokha atapereka chuma cha ana. Ku Thyolo kunalibe kwawo. Abale awo anatha, malo analimidwa ndi ena. Ndinayankha kuti munthu amene waika mlongo wanga m'manda mwaulemu sindimupirikitsa, adzachoka pamudzi pano ali m'bokosi. Ndisanamalize, a Yotamu anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi chiguduli chija. Anachiika pamapazi a Lameki.

"Tenga. Koma ndipita nawo, ndikaone ndi maso."

Tinapita atatu pa minibasi, ine ngati mboni. Lameki anali atagulitsa feteleza wake kuti alipire oyeza. Tinawapeza kuseri kwa nyumba ina yogona alendo, pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili paliwombo. Anali amuna awiri ndi galimoto yoyera. Wamkulu wake anavala suti ndi magalasi akuda, ndipo ankatitchula madala.

Anatenga thabwa nalikhuthula pa boneti. Ntchito ya zaka makumi atatu inasakanikirana kamodzi. A Yotamu anatseka maso. Munthuyo anayendetsa lezala pamwamba pa poleti iliyonse, ati yeniyeni imakoka lezala. Palibe inakoka. Anathira asidi wa batire, mkuwa n'kuchita thovu lobiriwira. Kenako anati mekyule imabisala pakati, nauza mnzake atenge sowo yodulira zitsulo.

Ankapana poleti ndi pulayala n'kuidula pakati. Imodzi, ina, inanso. A Yotamu anaimirira chilili, chipewa chili m'manja, ndipo iliyonse ikamadulidwa ankatchula mzinda wake motsitsa, monga mlaliki amawerengera mayina a omwalira kumapeto kwa chaka. M'kati munali mkuwa, monga kunja.

Ine mumtima ndinati zatha. Zaonongeka, koma mwana waona yekha. Ndinamuyang'ana Lameki, ndipo nkhope yake inali itayamba kugwa. Ndikhulupirira kuti mphindi imeneyo anatsala pang'ono kugwada.

Wasutiyo anatola thabwa lopanda kanthu kuti atibwezere. Asanalikhuthule paja anali ataona pomwe panalibe kanthu. Anagogoda ndi chala pa maenje atatu am'munsi aja.

"Madala, muno munalibe kanthu pomwe mumabwera. Za muno zili kuti?"

"Sizinakhalemo."

"Munthu n'kugoba dzenje la chinthu chomwe alibe?" Anatembenukira kwa Lameki akuseka. "Achimwene, akuluakuluwa ndi ochenjera. Izi tadulazi ndi zoperekeza. Eni ake ndi atatu awa. Mukawapeza mutiimbire."

Ndinalankhula. Ndinati maenje amenewo ndawaona opanda kanthu kuyambira Lameki ali kusukulu, ndipo iyenso anawaona. Lameki anati mwana sayang'anitsitsa zinthu za bambo ake. Kenako anati, "Atsibweni, kapena mwadya nawo?" Ndinakweza ndodo. A Yotamu anandigwira mkono. Anawerama, natolera zidutswa zonse m'chipewa, zina pa boneti, zina m'fumbi. Pobwerera Lameki anakwera minibasi ina.

Kunyumba a Yotamu anatulutsa makalata a mzungu, omwe chiswe chinasiya. M'kalata ina munalembedwa mayina a mapoleti atatu aja, ndi mawu akuti ngakhale iye sanawapeze. Ndinamuwerengera Lameki ndekha, liwu ndi liwu. Anati mzungu salemba chuma papepala.

Zaka zinayi zotsatira a Yotamu anakhala okha. Maso anayamba kuchita khungu. Kumunda ankapitabe, koma mizere inkakhota. Thabwa sanalitulutsenso pakhonde. Ndikawayendera m'mawa ndinkawapeza m'kati, pafupi ndi khomo pomwe pali kuwala, akufufuza zidutswa ndi chala, kufuna theka lililonse lipeze mnzake. Asidi anali atadya zilembo, koma tingalande tinalipo. Zinawatengera miyezi. Anabwezera zonse m'maenje mwake, iliyonse ndi mng'alu pakati.

Lameki ankakhala kutsidya kwa msewu. Akakumana nawo panjira ankapatukira m'munda. Ana ake anawaletsa kupita kwa agogo awo. Mlongo wake Rute, wokwatiwa ku Boma, ankabwera ndi mchere ndi sopo, kuwachapira, kuwameta. Anali mwana wabwino. Koma ulendo uliwonse, akamatsanzika, ankagwada pafupi n'kunena mofatsa kuti, "Ababa, ine sindine Lameki. Mukafuna kunena, mudzanene kwa ine." A Yotamu anandiuza kuti mawu a Rute ankawapweteka kuposa chipongwe cha Lameki.

Ndinawalangiza kuti aname. Ndinati nenani kuti munazitaya mu Bua, kapena munagulitsa kalekale ndalama n'kudya, mwana akwiye kamodzi nkhani ithe. Anakana. Anati akanena kuti anataya ndiye kuti avomera kuti zinalipo, ndipo avomera kuti Esinati anafa iwo ali ndi pomuthandizira. Anati bodza limenelo sangalisenze, ngakhale libweze mwana.

Anagona pamphasa sabata zitatu. Chifuwa. Lachisanu lina chakumasana, ine ndi Rute tili pomwepo, pakhomo panaima munthu. A Yotamu sankaona bwino koma anadziwa mayendedwe.

"Lameki? Ndiwe?"

"Ndine, ababa."

"Rute, mpatse mpando. Wadya? Mpatseni chakudya mwanayu."

Anayesa kudzuka. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaione chimwalirire Esinati. Lameki anakana mpando, nagwada pamphasa, nawagwira dzanja. Analankhula mwaulemu, ndipo misozi inali m'maso mwake. Sindikunama, inalimo.

"Ababa, zakale zithe. Ine ndakhululuka. Koma musapite nazo. Adzukulu anu akuvutika. Ingonenani pomwe zili."

A Yotamu sanachotse dzanja lawo. Anapuma kangapo.

"Kulibe, mwana wanga."

Lameki anadikira pang'ono, ngati kubwera mawu ena. Kenako anabweza dzanja la bambo ake pabulangete, nadzuka, natuluka.

Mawa lake a Yotamu anandipempha chinthu chimodzi. Anati m'bokosi mwawo musalowe kanthu, ngakhale thabwa, ngakhale Baibulo, ndipo Lameki aone yekha bokosi lisanakhomedwe. Anati akufuna akagone osafukulidwa. Anamwalira Lolemba.

Ndinachita monga ananenera. Nyimbo zili m'kati, ndinaimitsa mwambo, ndinaitana Lameki, ndinauza adzukulu okumba manda atsegule bokosi. Akulu a mpingo anang'ung'udza, amayi ena anaphimba kumaso. Ndinapisa ndekha m'matumba a jekete la malemu, ndinawatembenuza onse pamaso pa anthu. Ndinakweza mutu wawo kuti aone pansi pake. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo chinthu chonyansa ngati chimenecho, ndipo ndikanachitanso. Lameki anayang'ana bwinobwino, mpaka kumapazi. Manda sanawakhudze mpaka lero.

Thabwa analitenga Rute. Akuti lili pansi pa bedi, ndipo mwamuna wake safuna kuliona.

Nyumba ya a Yotamu ili kuseri kwa dimba langa, ndipo ndimadutsapo popita kukathirira. Chitseko Lameki anachizula sabata yomwe tinaika maliro. Pansi ponse anakumba mpaka m'mawondo, kuchipinda, pabalaza, ndi pomwe panali mphasa. Pakhonde anagwetsa chiunda. Nsanamira za chigafa anazizula imodziimodzi n'kusuzumira m'maenje mwake. Mtengo wa malalanje omwe Esinati anabzala anaukumba kuzungulira mpaka mizu inaonekera, ndipo wauma. Mvula yoyamba italowa, madzi anadzaza m'maenje, khoma lakum'mawa linagwera m'kati. Tsopano muli achule.

Dzulo m'mawa ndinaima pomwe panali khomo. Kuseri kwa khitchini kuli dzenje lina lomwe kunalibe sabata yatha. Dothi lake linali lisanaume.